Akufa amene kaundula wa ku Japan ankawawerengabe ngati amoyo

Kumapeto kwa July 2010, apolisi a mumzinda wa Tokyo analowa m'nyumba ina m'dera la Adachi kukaona gogo Sogen Kato. M'mabuku a boma, mkuluyu anali ndi zaka 111, ndipo ankatengedwa kuti ndiye mwamuna wamkulu pa amuna onse a mumzindawo. Akuluakulu a m'deralo anayesapo kangapo kukamuzonda, koma a pabanja pake ankangowabweza pakhomo. Tsiku limenelo apolisi anapeza mtembo wouma gwa uli pakama. Nyuzipepala zomwe zinali m'chipindamo zinali za mu 1978, ndipo zinaoneka kuti gogoyo anamwalira zaka zoposa 30 m'mbuyomo. Abale ake anafotokoza kuti anadzitsekera yekha m'chipinda pa zifukwa za chipembedzo cha Chibuda. Koma panalinso nkhani ya ndalama: mkazi wake atamwalira mu 2004, banjalo linkalandira penshoni m'dzina la gogoyo, yokwana ma yen oposa 9 miliyoni. Mwana wake wamkazi ndi mdzukulu wake anamangidwa.

Patangopita masiku ochepa, akuluakulu a dera la Suginami anapita kukaona Fusa Furuya, yemwe ankati ali ndi zaka 113 ndipo ndiye mayi wamkulu pa onse mu Tokyo. Sanamupeze. Mwana wake anati anali atatha zaka zambiri osaonana ndi mayi ake. Ku Ota, mumzinda womwewo, mafupa a mayi wina amene mabuku ankati ali ndi zaka 104 anapezeka m'chikwama cha mwana wake wamwamuna. Dziko lonse linachita kakasi, chifukwa Japan ndi dziko lonyadira kutalika kwa moyo wa anthu ake, ndipo chaka chilichonse mu September amakhala ndi tsiku la tchuthi lolemekeza okalamba.

Mu September 2010, unduna wa zachilungamo unalengeza kuti anthu 234,354 olembedwa kuti ali ndi zaka 100 kapena kuposa apo sankadziwika kumene ali. Mwa iwo, oposa 77,000 akanakhala ndi zaka zosachepera 120, ndipo 884 akanakhala ndi zaka zosachepera 150. Pachilumba cha Iki, m'chigawo cha Nagasaki, munthu wobadwa mu 1810 anali asanachotsedwe m'buku la amoyo.

Ambiri atamva chiwerengero chimenechi anaganiza kuti mabanja masauzande akubisa mitembo kuti azidya penshoni. Sizinali choncho. Japan ili ndi kaundula wa mitundu iwiri. Woyamba ndi koseki, buku la banja, lomwe boma la mfumu Meiji linakhazikitsa mu 1872. Mmenemo amalembamo kubadwa, ukwati, kutha kwa ukwati ndi imfa. Wachiwiri ndi juminhyo, wosonyeza kumene munthu akukhala panopa, ndipo umenewu ndi umene umagwira ntchito pa nkhani za mavoti ndi thandizo la boma. Anthu 234,354 aja anali a mu koseki. Atafufuza m'kaundula wachiwiriyu, osowa anali mazana ochepa chabe, pafupifupi 280. Komanso zaka zimene anthu a ku Japan amayembekezeka kukhala ndi moyo amaziwerengera pa kalembera wa dziko lonse, choncho chiwerengerocho sichinasokonekere kwenikweni.

Chomwe chinadzaza koseki ndi mayina a akufa ndi mmene bukulo linakonzedwera. Dzina silichotsedwa pokhapokha wina abwere kudzanena kuti uje wamwalira, ndipo lamulo limapatsa achibale masiku asanu ndi awiri kuti achite zimenezo. Nanga ngati wodzanenayo kulibe? Usiku wa pa 10 March 1945, mabomba a America anatentha mbali yaikulu ya Tokyo n'kupha anthu pafupifupi 100,000, ndipo m'nyumba zambiri simunatsale ndi mmodzi yemwe woti akanene za imfa ya anzake. N'chimodzimodzinso ku Hiroshima ndi ku Nagasaki. Ku Okinawa, mabuku ambiri a koseki anawonongeka pankhondo. Ena anapita kukalima nzimbe ku Hawaii, ena khofi ku Brazil kuyambira mu 1908, ena ku Peru ndi ku Manchuria, n'kukafera komweko, uthenga wa maliro osafika kwa alembi a kwawo. Ine ndikaganizira mndandanda umenewo, ndimaona mabanja athunthu amene nkhondo ndi maulendo zinawamwaza mpaka kusowa wowalira.

Komabe mazana ochepa aja ndi amene anawawa mtima anthu kwambiri, chifukwa iwo sanasowe pankhondo. Anasowa pa nthawi ya mtendere, m'mizinda yodzaza anthu, ana awo ali moyo. Nkhondo itatha, achinyamata anakhamukira ku Tokyo ndi ku Osaka kukafuna ntchito, ndipo mwambo woti agogo, ana ndi adzukulu azikhala pakhomo limodzi unayamba kuchepa mphamvu. Mu 1963, pamene boma linayamba kuwerengera anthu a zaka 100, analipo 153 okha, moti kuwayendera onse kunali kosavuta. Pofika mu 2010 anali oposa 44,000. Maofesi ena ankangotumiza mphatso kapena kukhulupirira zimene achibale anena, osaona nkhope ya mwini wake. Anthu ongodzipereka otchedwa minsei-iin, amene amayendera okalamba m'madera awo, analibe mphamvu zolowa m'nyumba ngati abale akana, ndipo lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2005, linachititsa kuti maofesi aziopa kugawana nkhani za anthu.

Palinso umphawi, umene anthu ambiri saganiza kuti uliko ku Japan. Mwana wa zaka 60 kapena 70 amene sali pantchito, yemwe chakudya chake chimachokera pa penshoni ya mayi ake, akapita kukanena za imfayo ndiye kuti mwezi wamawa alibe chogulira mpunga. Kumeneku ndi kuba ndithu, ndipo makhoti anaweruza choncho, koma zikusonyezanso banja lomwe linalibe kwina kolowera.

Chaka chomwecho cha 2010, mawu akuti muen shakai, kutanthauza dziko la anthu opanda wachibale kapena mnansi wowalabadira, anamveka ponseponse. Boma linalola maofesi kuchotsa mu koseki, mosavuta kusiyana ndi kale, mayina a anthu a zaka 120 kapena kuposa apo amene sakudziwika kumene ali, ndipo a penshoni anayamba kuyerekezera mabuku awo ndi a inshuwalansi ya zaumoyo kuti aone nkhalamba zimene zatha nthawi yaitali osapita kuchipatala. Mabuku anakonzedwa, koma okalamba akusowabe m'njira ina: mu 2023 mokha, apolisi analandira malipoti oposa 19,000 a anthu odwala matenda oiwalaiwala amene anachoka pakhomo n'kusochera.