Likhubula: madzi a ku Mulanje, mipopi ya ku Blantyre

Mu Julayi 2025, bungwe la UNESCO litaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, kunali nthungululu. Koma amayi amene amachapa pa Likhubula mu Okutobala ali ndi funso lawo: nanga madzi abwerera liti? M'chilimwe mtsinjewu umaphwa mpaka miyala kuonetsa misana, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe makolo ankafika mwaulemu, lero umapezapo mabotolo ndi majumbo a anthu odzasambira. Funso lomweli ndi limene linabutsa mkangano wa m'zaka za 2016 ndi 2017, wokhudza kutenga madzi a mtsinjewu kupita nawo ku Blantyre.

Blantyre imamwa madzi a m'Shire opopedwa ku Walker's Ferry, okwezedwa chitunda ndi magetsi odula, ndipo magetsi akathima mipopi ya ku Ndirande ndi ku Bangwe imangotulutsa mphepo. Likhubula ali pamtunda, madzi ake amatsika okha. Choncho boma linakongola madola 23.5 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India kuti Blantyre Water Board iyale mapaipi mpaka ku Nguludi, otunga malita 20 miliyoni pa tsiku. Gulu la Citizens for the Protection of Mulanje linaimika manja: dzalani mitengo kaye, madzi mutenge pambuyo. Ena m'tauni anawatcha okana chitukuko, ena anati atumidwa ndi andale. Mapaipi anayalidwabe.

Wofuna kumvetsa mkwiyo wa anthu aja akwere ku Chambe, pamwamba pa phirili, kumene timitsinje tothira m'Likhubula timayambira. Mu 1891 Alexander Whyte, mzungu wodziwa za zomera, anafika m'phirimo napeza mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiuyamba. Chaka chomwecho mzungu wina, Henry Brown, anadzala tiyi ku Lauderdale, m'munsi mwa phirili. Zinthu ziwirizi zinapana anthu pakati: kumunsi minda ya tiyi ndi thangata, kumtunda nkhalango imene boma la atsamunda linaitseka mu 1927. Munthu wa m'mudzi akadula mtengo popanda chilolezo unali mlandu, pomwe boma lomwelo linkacheka mkungudza wa zitseko ndi madenga a nyumba zake. Kenaka a zankhalango anadzala paini wochokera ku Mexico m'chigwa cha Chambe, nakoka chingwe chotsitsira matabwa kumunsi. Paini uja sanakhale pomwe anamuika. Anafalikira yekha mpaka kutsamwitsa mitengo yachilengedwe.

Amene anakulira ku Likhubula akuwakumbukira ocheka matabwa: nkhata pamutu, thabwa lalitali kuposa mwini wake, kutsetsereka pamiyala yoterera opanda nsapato, kumunsi n'kulandira ndalama yongokwana ufa ndi mchere. Phindu lenileni linkakwera lole. Kamuzu Banda atalengeza mu 1984 kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko, macheka sanaleke kulira.

Pomwe zinatembenukira, mmene ndimaonera ine, ndi pamene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linayamba kugwetsa paini m'zaka zotsatira 2000. Apa nkhani ili pawiri. Akatswiri amati paini amamwa madzi ambiri ndipo salola mkungudza kumera pansi pake, choncho ankayenera kuchoka. Akuluakulu a m'midzi amati paini atachoka Chambe anatsala mbee, moto n'kumalowa chaka ndi chaka, akasupe n'kuyamba kuuma. Mawu a akatswiri ali ndi sayansi kumbuyo kwake, koma a m'midzi akunena zimene anaona ndi maso, ndipo mbali ziwirizi sizitsutsana kwenikweni. Kugwetsa paini n'kwa miyezi, pomwe mkungudza umafuna zaka makumimakumi kuti upereke mthunzi. M'kati mwa kudikirako, ocheka mozemba ndi owotcha makala anamaliza zotsala. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Ndiye anthu akuti dzalani kaye aja ankalankhula akuona phiri lometedwa mpala.

Phiri lopanda nkhalango silisunga mvula. Imagwa lero, mawa yadutsa kale pa mlatho ili yofiira ndi dothi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakumbutsa anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe za Napolo wa mu 1991, ndipo amene anamanga kapena kulima dimba m'mphepete anaona okha kuti madzi saiwala khwawa. Mvula itatha, mchenga ndi miyala zinatsala m'mitsinje.

Ntchito yobwezeretsa ilipo. Magulu a m'midzi amafesa mkungudza m'manazale, mbande zikwizikwi zasenzedwa pamutu kukwera njira zomwe zija matabwa ankatsikira, ndipo ena amalambula njira zotchinga moto udzu usanaume. Mdani wa mbandezi ndi Seputembala. Usiku ukaima pa Chitakale n'kuyang'ana kumtunda, umaona mzere wofiira wa moto ukukwawa m'phiri, ndipo amene anasenza mbande mu Januwale amangogwira pakamwa.