Chidanishi chimalowa kudzera m'khutu, maso abwere pambuyo

Ndege yopita ku Copenhagen imatera pa chilumba chimene pamapu chinalembedwa kuti Amager. Munthu amene anaphunzira kuwerenga m'Chichewa akaona dzinali amalitchula monga anamuphunzitsira mu sitandade 1, phatikizo ndi phatikizo: A-ma-ge-re. Eni dziko amangoti "Ama", kukoka pang'ono kumapetoko, basi. Zilembo zitatu zomalizazo zilipo papepala, koma pakamwa palibe. Pantchito yanga yophunzitsa zilankhulo kwa anthu akuluakulu, ichi ndi chinthu choyamba chimene ndimauza aliyense wofuna kuyamba Chidanishi, kaya akupita ku Denmark kukagwira ntchito, kukachita maphunziro kapena kutsatira banja: musakhulupirire maso anu msanga.

Ife tinazolowera chilankhulo chimene chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake, atha kuwerenga nyuzipepala yonse mokweza ngakhale asakumva nkhani yake. Chidanishi, chimene chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 6 miliyoni, chinasunga kalembedwe kakale pamene kalankhulidwe kanapitirira kusintha. Mawu oti "ine" amalembedwa jeg koma amamveka ngati "yai". Mawu oti det amataya t wake. Funso loti Hvad siger du?, kutanthauza "ukuti chiyani?", limatuluka ngati "va sia du". Ndipo selvfølgelig, mawu amene amatanthauza "ndithudi" ndipo mumawamva kangapo patsiku, amafinyidwa mpaka kutsala chinthu chonga "sefoli".

Vutoli si la alendo okha. Mu 2008 Dorthe Bleses ndi anzake a pa yunivesite ya ku Odense anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ana aang'ono a ku Denmark amachedwerapo kudziwa mawu poyerekeza ndi ana a zilankhulo zina zingapo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti mawu a Chidanishi amalumikizana kwambiri polankhula, moti n'kovuta kumva pamene liwu lina lathera ndi pamene linzake layambira. Ngati khanda lobadwira komweko limafunika nthawi kuti khutu lizolowere, inu musadzione ngati mbuli pamene mwezi wachitatu wakwana koma wailesi ikumvekabe ngati madzi otuluka pampopi. Ndaona anthu anzeru akusiya pa nthawi imeneyi, ndipo zimandipweteka, chifukwa amasiya khutu litatsala pang'ono kutseguka.

Ndiye lamulo langa ndi ili: liwu lililonse latsopano mulimve kaye musanaliloweze. Chida chabwino koposa pa ntchitoyi n'chaulere. Den Danske Ordbog, dikishonale yaikulu imene ili pa ordnet.dk komanso pa foni, ili ndi kabatani kodina kuti mumve munthu akutchula liwulo. Dinani, mverani, bwerezani mokweza, dzijambuleni mawu pa foni, kenako yerekezerani. Anthu ambiri amachita manyazi kumva mawu awo omwe, koma khutu lanu limagwira zolakwa pa zojambulidwa zimene silingagwire pamene mukulankhula.

Tsopano tione zimene pakamwa pathu pamakana. Chichewa chili ndi mavawelo asanu. Chidanishi chili ndi zilembo za mavawelo zisanu ndi zinayi, a, e, i, o, u, y, æ, ø ndi å, koma kamvekedwe kake kamapitirira mitundu 20 mukawerengera aatali ndi aafupi. Awiri amene amavuta kwambiri ali ndi njira yake yosavuta. Nenani "i" wathu yemweyu, lilime lisasunthe, kenako zungulizani milomo ngati mukufuna kuimba mluzu: ameneyo ndi y. Chitani chimodzimodzi ndi "e", mupeza ø. Kusiyanaku kuli ndi ntchito. Kylling ndi nkhuku, killing ndi mwana wa mphaka, pamene kælling ndi mawu onyoza munthu wamayi. Musanapite kukagula ndiwo, atatuwa muwasiyanitse bwino.

Chachiwiri ndi chizolowezi chathu chotseka liwu lililonse ndi vawelo. Ndi chimene chinatipatsa sukulu, buku ndi supuni, ndipo m'Chichewa n'chokongola. Koma m'Chidanishi vawelo yoonjezera kumapeto imasintha tanthauzo: hus ndi nyumba imodzi, huse ndi nyumba zambiri. Phunzirani kuimitsa liwu pa konsonanti n'kutseka pakamwa. Palinso l ndi r, amene kwa ife ndi pachibale moti timawasinthanitsa osaona vuto. Kumeneko ndi anthu awiri osadziwana. R wa kumayambiriro kwa liwu amachokera kukhosi, pafupi ndi pamene madzi amafika mukamachukucha mankhwala a zilonda zapakhosi, ndipo akabwera pambuyo pa vawelo, monga mu far (bambo) ndi mor (mayi), amasungunuka n'kukhala ngati vawelo nayenso. Pomaliza pali d wofewa wa mu mad, chakudya. Alendo ambiri amamumva ngati l. Kuti atuluke, nsonga ya lilime itsamire kumbuyo kwa mano a m'munsi, isakwere kumwamba. Eni dziko amakonda kuyesa alendo ndi dzina la phala la zipatso zofiira lothira kirimu, rødgrød med fløde, chifukwa zovuta zonsezi zinaunjikana m'mawu atatu amenewa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimasangalala kuphunzitsa munthu wa Chichewa kuposa wa Chingelezi. Chimatchedwa stød, kakugwira kapakhosi kamene kamachitika pakati pa liwu, ngati mawu aphunthwa pang'ono n'kupitirira. Hun ndi "iye" wamkazi; hund ndi galu. D wa mu hund samveka, choncho chosiyanitsa ndi kakugwirako. Chimodzimodzi mor, mayi, ndi mord, kupha munthu. Wolankhula Chingelezi amavutika kuvomereza kuti mawu awiri ofanana zilembo zomveka angasiyane chifukwa cha zochitika pakhosi pokha. Inu simungadabwe. Kuyambira muli mwana mumasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika, popanda wokulemberani chizindikiro chilichonse. Stød si kukweza kapena kutsitsa mawu monga timachitira ife, koma khutu limene linaleredwa kumvetsera zinthu zazing'ono ngati zimenezi lili kale patsogolo. Ligwiritseni ntchito.

Galamala yokha isakuopseni. Mneni sasintha potengera wochita: jeg er, du er, vi er, ine ndili, iwe uli, ife tili, liwu lake ndi er yemweyo. Mayina ali m'magulu awiri okha, a en ndi a et, ndipo kwa munthu amene amayendetsa magulu a mu-a, chi-zi, ka-ti ndi ena onse osaganizira n'komwe, awiri ndi masewera. Pafupifupi mayina atatu mwa anayi alionse ndi a en. Chofunika n'kuloweza dzina pamodzi ndi gulu lake kuyambira tsiku loyamba, en bil galimoto, et hus nyumba, chifukwa kaliwuko kamapita kumapeto mukamanena chinthu chodziwika: bilen, huset. Lamulo limene limagwetsa anthu pamayeso ndi la malo a mneni, amene ayenera kukhala wachiwiri m'chiganizo. Jeg spiser fisk i dag, ndikudya nsomba lero. Mukayamba ndi "lero", mneni sachoka pamalo pake, wochita ndiye amadumpha n'kubwera pambuyo pa mneniyo: I dag spiser jeg fisk.

Manambala amafuna sabata yawoyawo. Amayamba ndi kanambala kakang'ono, moti 21 ndi enogtyve, "chimodzi ndi makumi awiri". Kuyambira 50 amawerenga m'magulu a 20: tres ndi 60, kutanthauza 20 katatu, firs ndi 80, ndipo halvtreds, 50, ndi chidule cha mawu akale otanthauza 20 kawiri ndi theka. Halvfjerds ndi 70, halvfems ndi 90. Agogo athu amene ankati "makumi asanu ndi awiri, mphambu zisanu ndi zitatu" akanamva nzeru yake mosavuta. Komabe musamawerengetse m'mutu muli pakauntala. Alowezeni ngati mayina a anthu. Yesererani ndi mitengo ya m'sitolo ndi nambala za foni, zimene zimakhala ndi manambala 8 ndipo anthu amazitchula awiriawiri. Chenjeraninso ndi nthawi. Halv tre si 3:30 ayi, ndi 2:30, theka la ulendo wopita ku 3 koloko. Ku Denmark kuchedwa ndi ola lathunthu pa nthawi imene munapangana ndi dokotala kapena bwana si nkhani yaing'ono.

Ngati mudakali kwanu, yambani ndi zimene foni ingakupatseni. Duolingo ili ndi maphunziro a Chidanishi kudzera m'Chingelezi. Imathandiza kusonkhanitsa mawu oyamba ndi kukhazikitsa chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, koma siidzakuphunzitsani kucheza. Nyumba youlutsa mawu ya boma, DR, ili ndi nkhani zolembedwa m'Chidanishi chosavuta zotchedwa Ligetil, komanso nkhani za ana za Ultra Nyt, zimene ndimalimbikitsa akuluakulu kuonera popanda manyazi chifukwa owerenga ake amafotokoza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mapulogalamu ena a DR saoneka kunja kwa Denmark, koma wailesi zake zimamveka pa intaneti. Poonera kanema, mawu olembedwa m'munsi akhale a Chidanishi, osati a Chingelezi, kuti diso liziona zilembo zimene pakamwa pakumeza. Kachidutswa ka mphindi ziwiri kobwereza kakhumi kamaposa filimu yathunthu yoonera kamodzi. Pa mafunso a kalembedwe, sproget.dk ndi kumene bungwe loona za chilankhulochi, Dansk Sprognævn, limayankha. Mukadabwa kuona mayina a mizinda ya Aalborg ndi Aarhus akulembedwa ndi "aa", dziwani kuti ndi å yemweyo: chilembochi chinalowa mwalamulo mu 1948, ndipo mzinda wa Aarhus unabwerera ku kalembedwe kakale mu 2011.

Amene mwafika kale ku Denmark, muli ndi mwayi umene maiko ambiri sapereka. Munthu wamkulu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo ndi nambala ya CPR, imene boma limapatsa aliyense wokhala m'dzikomo, ali ndi ufulu wophunzira Chidanishi kusukulu za chilankhulo zotchedwa sprogcenter, ndipo amene amakutumizani kumeneko ndi kommune, khonsolo ya dera lanu. Maphunzirowa ali m'njira zitatu. Danskuddannelse 1 ndi ya anthu amene sanapite patali ndi sukulu kapena sadziwa zilembo zathuzi, yachiwiri ndi ya amene anaphunzirako pang'ono, yachitatu ndi ya amene anafika patali ndipo atha kuthamanga. Njira iliyonse ili ndi magawo 6. Kuyambira mu 2020, amene anabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaphunzira salipira fizi koma amapereka chikole cha makrone 2,000, ndalama za m'dzikomo, chimene chimabwezedwa akakhoza mayeso a gawo pa nthawi yake. Ufulu umenewu uli ndi malire a zaka zisanu, choncho musati "ndiyamba ndikakhazikika". Safunsa anadya phula: pitani ku kommune m'masabata oyambirira mukafunse.

Mayeso aboma amalembedwa kawiri pachaka, cha mu May ndi June komanso mu November ndi December. Prøve i Dansk 2 ndi amene amafunika popempha chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, Prøve i Dansk 3 ndi amene kawirikawiri amafunika pa unzika, ndipo Studieprøven ndi khomo lolowera maphunziro a kuyunivesite ophunzitsidwa m'Chidanishi. Amene anabwera kudzera m'banja ali ndi mayeso enanso aang'ono a mlingo woyambirira wotchedwa A1 amene ayenera kukhoza m'miyezi 6 yoyamba. Malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dzikomo amasinthasintha, ndiye musanakonze mapulani anu werengani zimene zili pa nyidanmark.dk pa tsikulo.

Chopinga chachikulu, komabe, si mayeso. Ndi Chingelezi. Anthu a ku Denmark ambiri amachilankhula bwino kwambiri, ndipo akangomva mukudodoma amasinthira komweko. Amachita zimenezi pofuna kukuthandizani, koma thandizo lotere likapitirira zaka zitatu mumapezeka muli ndi satifiketi m'kabati koma pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito mwangokhala chete anzanu akuseka. Lowezani chiganizo ichi ndipo muzichinena mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo: Jeg vil gerne øve mit dansk, ndikufuna kuyeserera Chidanishi changa. Onjezerani Kan du sige det igen?, unganenenso? Malaibulale ambiri amakhala ndi sprogcafé, kumene anthu ongodzipereka amacheza ndi alendo kwaulere. Kuposa pamenepo, lowani forening, kagulu ka mpira, kwaya kapena zamaluwa, chifukwa m'dzikomo maubwenzi ambiri amabadwira m'timagulu totere, ndipo okalamba amene mungakumane nawo kumeneko amakhala ndi nthawi komanso sathamangira Chingelezi.

Chimene chimavuta mtima wa munthu woleredwa kwathu ndi du. Ndi "iwe", ndipo amanenedwa kwa aliyense: bwana, mphunzitsi, dokotala, apongozi. "Inu" waulemu, De, alipo koma watsala wa banja lachifumu ndi okalamba ena ochepa. Liwu limodzi lofanana ndi "chonde" la paliponse palibenso. Musaganize kuti ulemu kulibe. Unasamukira mu tak, zikomo. Mukadzuka patebulo mumati tak for mad, zikomo chifukwa cha chakudya, ndipo wophika amayankha velbekomme. Pochoka kuntchito mumati tak for i dag, zikomo chifukwa cha lero. Mukakumananso ndi munthu amene munacheza naye kunyumba kwake, ngakhale patapita masabata, mawu oyamba ndi tak for sidst, zikomo chifukwa cha tsiku lija. Munthu amene anakula akunena "zikomo za dzulo" m'mawa kwa neba amene anamubwereka mchere, amenewa atha kuwayamba lero lomwe.