Magetsi a kunja salowa onse nthawi imodzi

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, anthu ambiri kuno ku Chipata ankati ZESCO ingogula magetsi ku Mozambique kapena ku South Africa, mdima uthe. Maganizo amenewa ndi akale: akuti popeza maiko athu ali mu Southern African Power Pool, mgwirizano wogulitsana magetsi wa maiko a kummwera kwa Africa womwe unakhazikitsidwa mu 1995, magetsi amangodutsa malire malinga ndalama zilipo.

Ndalama zimafunikadi, koma mawaya nawonso ali ndi malire ake. Waya ukanyamula mphamvu yopyola muyezo umatentha, n'kutanuka, n'kuyamba kulendewera pafupi ndi mitengo. Pa mtunda wautali mphamvu imafikanso itafooka. Komanso mainjiniya sadzaza laini mpaka pakamwa. Amasiya mpata kuti laini ina ikaduka mwadzidzidzi, zotsalazo zisenze katundu wake popanda kuzimitsa dziko lonse. Mpata umenewu ena amauona ngati kuwononga, koma ine sindingafune kuti aukhudze.

Ndiye pali nkhani ya njira. Magetsi ochokera ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique kapena ku kampani ya Eskom ya ku South Africa amabwera kudzera m'malaini a Zimbabwe, amene anyamula kale katundu wa eni ake. Njira ina ndi ya ku Namibia, laini ya Caprivi, koma imeneyo imathera pa mamegawati (MW) 300. Yerekezani ndi Kariba North Bank, siteshoni yathu yopangira magetsi ku Kariba, yomwe madzi akakhalapo imapanga 1,080 MW.

Ngakhale atalowa m'dziko, kuti afike kuno ayenera kuyendanso pa laini ya 330 kV yochokera ku Pensulo, pafupi ndi Serenje, kudzera ku Msoro.