Agogo apezeka ndi khansa ya m'matumbo, awang'ambe kapena awaboole?

Tikapeza chotupa cha khansa m'thumbo lalikulu la munthu wachikulire, achibale sachedwa kundikokera pambali. "Adokotala, agogowa zaka zapita, opaleshoniyi aipirira koma?" Ndiye pamakhala mdzukulu mmodzi amene wawerengako pa foni, iyeyo amati wamva kuti kunja sang'amba mimba, amangoboola timabowo basi.

Wamva zoona, dzina lake ndi laparoscopy. Timaboola timabowo tinayi kapena tisanu, kalikonse ngati sentimita imodzi kapena kuchepera apo, nkupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume tipeze malo, kenaka timalowetsa kamera ndi tizipangizo titalitali nkumagwira ntchito tikuyang'ana pa sikirini. Kumapeto timachekabe kabala kakang'ono kotulutsira chidutswa cha thumbocho. Njira inayo ndi yong'amba pakati pa mimba, bala lalitali lodutsa pa mchombo. Koma mkatimo ntchito ndi imodzimodzi, kudula thumbo lodwalalo pamodzi ndi mitsempha yake ndi timwanabere tozungulira, tosachepera 12 kuti a ku labu aone ngati khansa yayenda, kenaka nkulumikiza.

Madokotala a ku Miami atalengeza njira yoboolayi mu 1991 anthu ambiri anaikayikira, poopa kuti khansa izimera pa timabowo tija. Kafukufuku wa COST ku America, wa odwala 872, atatuluka mu 2004 anaonetsa kuti khansa imabwereranso mofanana kaya mwang'amba kaya mwaboola. Oboolewa amagona m'chipatala masiku 5, ong'ambidwa masiku 6, koma opaleshoni yoboola imatenga mphindi 150 pomwe inayo 95, ndipo 21 mwa 100 alionse dokotala anayamba ndi kamera nkumalizira kung'amba. Zimenezi achibale muzimve bwino, dokotala akasintha njira mkati mwa opaleshoni sikuti walephera ayi, waona choopsa ndiye wasankha kupulumutsa munthu wanu.

Tsiku limodzi likumveka laling'ono kwa mnyamata, koma kwa agogo ndi nkhani ina. Chimene chimatilanda achikulire nthawi zambiri si mpeni, ndi bedi. Bala lalikulu limapweteka munthu akamatsokomola ndiye amangopuma pang'onopang'ono mwamantha, makhololo nkukhazikika m'mapapo, mawa lake chibayo chayamba, kugonako magazi amaundana m'miyendo, mankhwala amphamvu opha ululu amagonetsa matumbo komanso ena amasokonekera mutu usiku osazindikira ngakhale ana awo, ndipo minofu ya munthu wa zaka 80 ikafooka sabata imodzi yokha mwina sadzayendanso ngati kale. Bala likakhala laling'ono amadzuka msanga, amadya msanga, mafinya pa bala sachuluka. Nchifukwa chake ineyo, pamene zipangizo zilipo ndi dokotala wozolowera kuzigwiritsa ntchito, ndimakonda yoboola kwa achikulire.

Koma yoboolayi si ya aliyense. Mpweya tapopera uja umakankha mapapo ndi kupanikiza mitsempha yobweza magazi ku mtima, komanso nthawi zambiri timapendeketsa bedi mutu kumunsi kwa maola, ndiye agogo a mtima wofooka kwambiri kapena mapapo oonongeka ndi fodya wachingambwe, wogonetsa odwala ndi amene ali ndi mawu omaliza. Chotupa chikakula nkumamatira ku ziwalo zina, kapena munthu anang'ambidwapo kangapo mkati mwadzaza zipsera, kung'amba ndiye njira yabwino. Khansa ya kumapeto kwa thumbo pafupi ndi kotulukira chimbudzi ndi yovutirapo, makamaka kwa abambo poti chiuno chawo ndi chopanikizika mkati, pamenepo pamafunika dokotala amene wachitapo zambiri.

Za zakazo, ine sindiwerenga kwambiri chaka chobadwa. Ndimafunsa kuti agogo amasamba okha? Amafika kutchalitchi kapena kumzikiti wapansi? Amalimabe? Aonda bwanji miyezi yapitayi? Gogo wa zaka 82 wogwirabe khasu angapirire bwino kuposa wa zaka 68 amene shuga ndi BP zamufoola mpaka amachita kugwiridwa popita kubafa. Khansa imeneyi imaba magazi mwakachetechete, ndiye tisanalowe mu fiyeta timafuna magazi akwere, munthu azidya mazira, nyemba, usipa, mkaka, komanso aziyenda tsiku lililonse.

Kuno kwathu zipangizo zoboolera zilipo m'malo ochepa, ndipo chondiwawa ndi chakuti achikulire ambiri amatipeza thumbo litatsekeka kale, mimba itatupa, akusanza, chimbudzi osatuluka masiku angapo. Apo palibenso kusankha, timang'amba usiku womwewo ndipo kawirikawiri amadzuka ndi thumba la chimbudzi pamimba. Mukafunsa mumva kuti magazi m'chimbudzi anayamba chaka chatha koma onse amati ndi matenda a mudzi. Munthu wopitirira zaka 50 akamaona magazi, chimbudzi chikasintha kwa masabata, akamaonda kapena kuchepa magazi popanda chifukwa, apimidwe m'thumbo ndi kamera. Ndipo ngati opaleshoni yong'amba ikupezeka mwezi uno, musadikire miyezi isanu mukugulitsa ng'ombe kuti akaboolewe ku India kapena ku Joni, chotupacho chikukula nthawi yonseyo.

Mawa lake la opaleshoni, kaya ang'ambidwa kaya aboolewa, anesi adzabwera kudzawadzutsa kuti akhale pampando ndi kuyenda pang'ono m'wodimo, dripi ili pamkono. Ndikudziwa chifundo chimakugwirani mumati "asiyeni apume kaye", koma inuyo agwireni mkono winawo muyende nawo mpaka pakhomo nkubwerera, madzulo mubwerezenso.