Chitetezo choyamba cha thupi: za mayeso a Life Sciences komanso kuzizira kwa kuno ku Joni

Ana athu a Grade 11 amene mukuwerenga za chitetezo cha thupi, ndi inu makolo, izi ndi zanu nonse. Thupi lili ndi chitetezo chomwe timabadwa nacho, pa mayeso amati non-specific, chifukwa sichisankha kuti uyu ndi bakiteriya uyu ndi vairasi, chili ngati mlonda wa pageti amene amabweza aliyense wachilendo osafunsa dzina. Sichisunganso chikumbutso cha matenda, zokumbukirazo ndi za chitetezo china, cha ma antibody (mapuloteni olimbana ndi kachilombo ka mtundu umodzi) ndi katemera, musaziphatikize poyankha.

Poyamba pali khungu, likakhala losang'ambika tizilombo tambiri sitilowa. Misozi ndi malovu zili ndi lysozyme yomwe imaswa khoma la mabakiteriya, anaitulukira Alexander Fleming yemwe uja wa penicillin. M'mimba muli hydrochloric acid, asidi wamphamvu, pH yake (muyezo wa mphamvu ya asidi) cha m'ma 2, imapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya.

Koma pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi mphuno ndi njira ya mpweya. M'menemo muli mamina omwe amakola fumbi ndi tizilombo, ndiye pali tiubweya ting'onoting'ono totchedwa cilia timene timakankha makhololo kukwera nawo kummero kuti timeze kapena tilavule. Tsono taganizani June ndi July wa Johannesburg, mphepo youma yozizira ija milomo mpaka kuchita kung'aluka, anthu tadzitsekera mchipinda chimodzi mawindo otseka mbaula ikuyaka kapena hita ya parafini, wina akusutanso fodya momwemo. Utsi umafooketsa tiubweya timeneti, makhololo amangokhala pachifuwa osatuluka ndipo tizilombo timapeza pokhala. Chonde tsegulaniko windo ngakhale pang'ono, ndipo mbaula musagone nayo mnyumba, mpweya wake wa carbon monoxide sununkha koma umapha anthu ali mtulo. Dzolani mafuta khungu lisang'ambike, imwani madzi ngakhale ludzu mulibe.

Tizilombo tikadutsa zonsezi, mwina mwadzicheka, magazi amaundana nkupanga nkhanambo yotseka bala. Maselo ena amatulutsa histamine, mitsempha ya magazi imakula, malowo amafiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka, zinayi zimenezi ndiye inflammation ndipo muziloweze ndithu. Kenako amabwera maselo oyera a magazi, ma neutrophil ndi ma macrophage, amazinga kachilombo nkukameza nkukagaya ndi ma enzyme, imeneyo ndiye phagocytosis. Mafinya amene mumaona pachilonda ambiri mwa iwo ndi maselo oyerawa atafa pa ntchito yawo.

Kutentha thupi nakonso ndi chitetezo, thupi limachoka pa 37°C kukwera kuti tizilombo tina tisachulukane msanga. Koma apa pasakhale chibwana. Khanda losakwana miyezi 3 likafika 38°C thamangirani kukiliniki tsiku lomwelo. Ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi ku Malawi thupi nkutentha, auzeni anesi kumene munali kuti akuyezeni malungo, kuno sawaganizira msanga poti si dera la malungo. Chifuwa chikakwana masabata 2 chisakutha kayezetseni TB, ndipo amene muli ndi HIV musadikire nkomwe masabatawo. Chimfine ndi vairasi, maantibayotiki otsala a mnzanu sangachichize.