Mmene South Africa Idaphwasulira Mabomba Ake a Nyukiliya

Chiyambireni nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, pali anthu amene akunena kuti dziko lotaya zida za nyukiliya limadzitengera lokha tsoka, poti Ukraine idavomera mu 1994 kupereka zida zomwe idatsala nazo kuchokera ku Soviet Union italonjezedwa kuti malire ake adzalemekezedwa. Pa mtsutso umenewu dzina la South Africa silichedwa kutchulidwa, chifukwa ndi dziko lokhalo limene lidadzipangira mabomba otere kenako n'kuwaphwasula lokha.

Boma la tsankho lidapanga mabomba 6 mwachinsinsi, ndipo lina lidali lisanathe. Uranium yake, chitsulo chopangira mabombawa, inkakonzedwa ku Valindaba, moyandikana ndi Pelindaba, kumadzulo kwa Pretoria. Zinthu zidatembenuka m'miyezi yowerengeka. Mu Disembala 1988 ku New York kudasainidwa pangano loti asilikali a Cuba achoke ku Angola komanso kuti Namibia ilandire ufulu. Mu Sepitembala 1989 F.W. de Klerk adakhala pulezidenti, mu Novembala khoma la Berlin lidagwa, ndipo mu Febuluwale 1990, mwezi womwe Nelson Mandela adatuluka m'ndende, lamulo lophwasula mabombawo lidaperekedwa. Dzikolo lidalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu Julayi 1991, koma anthu adadzauzidwa zoona zake pa 24 Malichi 1993, pamene de Klerk adaulula nkhaniyi m'nyumba ya malamulo.

Chifukwa chophwasulira mabombawo ndi chimene anthu amasiyanapo maganizo mpaka lero. De Klerk ankati mdani amene ankamuopa, Soviet Union ndi asilikali a Cuba aja, sadalinso chiopsezo, choncho zidazo zidasanduka mtolo chabe. Ena amati azungu olamulirawo sadafune kusiyira boma la ANC, chipani cha Mandela, mabomba, ndipo ganizoli n'lovuta kulikana tikaona mmene masikuwo adagundizanirana. Umboni wothetsa mkanganowu ndi wochepa, popeza zikalata zambiri za ntchitoyo zidawonongedwa, mwakuti oyendera a IAEA, bungwe la dziko lonse loyang'anira za nyukiliya, adachita kufananiza uranium imene adaipeza ndi mabuku a fakitale omwe adatsala.

Boma la Mandela silidabwerere m'mbuyo. Lidathandiza kukonza Pangano la Pelindaba, losainidwa ku Cairo mu 1996, loletsa zida zimenezi mu Africa yonse, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2009. Uranium ya m'mabomba aja ikadali ku Pelindaba moyang'aniridwa ndi IAEA. America yakhala ikupempha kuti ichotsedwe, koma South Africa imakana, poona kuti opemphawo akusungabe mabomba awo zikwizikwi.