Kodi a Nandolo, a Supuni ndi a Mavuto anachokera kuti?

Mukaima pawindo la kalasi m'mawa aphunzitsi akuitana mayina, mudzamva munda wonse ukuyankha: Nandolo, Chinangwa, Mapira, Mphonda, Kabichi, Sabola. Ndiwo za kunyanja nazo zimavomera, a Matemba ndi a Chambo. Kenako pamabwera ziwiya za m'nyumba, a Supuni, a Botolo, a Tebulo, a Sikelo, a Wotchi. Pakati pawo pamakhalanso Mavuto, Misozi ndi Masautso, ana osekerera bwino omwe mayina awo akulira. Anzawo amawaseka, ndipo ena akakula amachita manyazi mpaka kusintha dzina. Ine manyaziwo amandiwawa, chifukwa amene anatcha mayinawa sanali opepera. Anali ndi zifukwa zawo, ndipo chachikulu chomwe timaiwala n'chakuti sankaganiza kuti dzinalo lidzamatirira munthu mpaka kumanda, n'kupitirira kwa zidzukulu.

Tiyambire m'chikuta. Kale mwana akabadwa ankabindikira m'nyumba ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, masiku ngati asanu ndi awiri. Nthawi yonseyi analibe dzina, anali khanda basi. Tsiku lotuluka m'chikuta ndi lomwe ankatchedwa, ndipo kawirikawiri wotcha sanali mayi kapena bambo ake, koma agogo, azakhali, amalume kapena munthu wina amene banja lamulemekeza, yemwe ankaperekanso kamphatso kwa mwanayo. Wotchayo sankatsegula buku ayi. Ankangoyang'ana zomwe zili pamudzi. Ngati nkhokwe zili mbee, mwana ankatha kukhala Njala. Ngati wafika anthu akudya zatsopano, maungu ndi mondokwa zili mbwee, dzina linkachokera komweko. Pamudzi wopanda kalendala, dzina la mwana ndilo linkasunga chaka. Akuluakulu a ku Blantyre ndi madera ozungulira akafuna kuyerekeza zaka za munthu ankafunsa ngati anabadwa njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa.

Chitsanzo chomwe Mmalawi aliyense amachidziwa, ngakhale ambiri sachiganizira, ndi cha mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Kamuzu ndi kamuzu, muzu waung'ono. Mbiri yake imati mayi ake anavutika kupeza mwana, ndipo anaima atalandira mankhwala a mizu kwa sing'anga. Dzina lomwe lili pa bwalo la ndege ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu, pa bwalo la mpira ku Blantyre ndi pa sukulu ya ku Mtunthama ndi dzina la kamtsitsi kokumbidwa kutchire la ku Kasungu. Palibe amene amaliseka. Kusiyana kwake ndi Chinangwa n'kotani, poti onse ndi mizu?

Mayina olira aja ali ndi mbiri yolemera kuposa onse. Mayi amene waika ana awiri kapena atatu motsatizana sankafuna kuti imfa, kaya mfiti, kaya mizimu yokwiya, idziwe kuti panyumba pabweranso chinthu chamtengo wapatali. Choncho mwana ankamutcha dzina lomunyozetsa kapena losonyeza kuti makolo ataya kale mtima: Maliro, Manda, Chisoni. Kumpoto kwa dziko lino ndi kum'mawa kwa Zambia, pakati pa Atumbuka, mudzamva Suzgo, Masuzyo, ngakhale Komani, kutanthauza kuti iphani. Mlendo akamva amadzidzimuka kuti kholo lingatche bwanji mwana wake chotero. Komatu apa ndi pomwe chikondi chinafika pothera. Kunali kubisa mwana poyera, kumuphimba ndi dzina loipa monga momwe mayi amabisira ndalama m'kansanza kuti wakuba asaganizireko. Ndipo mantha amenewa sanali ongopeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Mayi wa nthawi imeneyo, ndi wa zaka zam'mbuyo mwake pomwe zipatala zinali kutali kwambiri, ankatcha dzina mtima uli m'mwamba.

Panalinso mayina oyankhula. Mkazi wokwatiwa pamitala, kapena mkamwini wozunzika pachikamwini, sankatha kuyankha apongozi pamaso. Mawu ake ankawaika pa mwana: Lekani, Sekani, Mwandida, Ganizani, Ndaziona, Nditani. Tsiku lililonse akamaitana mwanayo kuti adzadye, uthenga unkafika kwa eni ake, popanda mlandu wopita kubwalo.

Tsono nazi zomwe zinkapeputsa zonsezi. Dzina la m'chikuta linali la paubwana chabe. Mnyamata wa Chichewa akalowa kudambwe ankatulukako ndi dzina latsopano, mtsikana akavinidwa chimodzimodzi, ndipo kwa Ayao wochokera ku jando ankabwera ndi dzina lina, anthu n'kuyamba kumutchula ndi ulemu wa Che. Kuitana munthu wovinidwa ndi dzina lake la paubwana chinali chipongwe chachikulu, choti mukhoza kulipa nacho nkhuku. Akakula ankaitanidwa ndi mfunda, a Phiri, a Banda, a Mwale, kapena NaPhiri ndi NaBanda kwa amayi. Akabereka, dzina linkasinthanso kukhala amake a uje, abambo ake a uje. Munthu mmodzi ankavala mayina anayi kapena asanu pa moyo wake, n'kumavula lakale ngati malaya othina. Maliro wa m'chikuta akafika zaka khumi ndi zisanu ali moyo, dzinalo linali litagwira kale ntchito yake, ndipo linkatayidwa.

Chomwe chinaumitsa dzina ndi pepala. Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891 anabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkho umafuna kaundula. Kalaliki wa kwa DC ankafuna dzina limodzi, lomwelo chaka chino, lomwelo chaka chamawa. M'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, komwe anthu ankagwira thangata ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique ankafikira, kapitawo naye anali ndi buku lake la tikiti. Mzungu amene lilime lake linkakana dzina lenileni la wantchito ankangomupatsa lina losavuta, nthawi zambiri la chinthu chomwe chili pafupi kapena cha ntchito yomwe munthuyo akugwira. Ena ankadzisankhira okha. Kubisa dzina lenileni kwa wokhometsa msonkho inali nzeru, ndipo mawu achilendo ankamveka okoma ngati katundu watsopano wa m'sitolo. Supuni, wotchi ndi jekete sizinali zinthu wamba masiku amenewo, zinali chizindikiro choti munthu wayenda, waona dziko.

Maulendo a ku Salisbury (lero Harare), ku Bulawayo ndi ku Joni anawonjezera mayina otere. Amuna zikwizikwi ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Joni, kupita ku migodi ya golide, ndipo pa chitupa pankalembedwa chomwe kalaliki wamva kapena chomwe mwini wake wasankha kunena. Ankabwerako ndi sutikesi, njinga ndi dzina. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, koma dzina la Wenela likadali pa depoti ya mabasi ku Blantyre, monganso a Sitima, a Basikolo ndi a Galimoto akadali m'makaundula athu. Kuchigwa cha Shire ndi ku Tete mphepo inkaomba kuchokera kwa Apwitikizi. Kandiero ndi nyali m'chiyankhulo chawo, Sabao ndi sopo, Alufandika ndi ofesi ya kasitomu, ndipo Alufazema ndi duwa lonunkhira. Msena amene ali ndi dzina lotere wanyamula mbiri ya mtsinje wa Zambezi osadziwa.

Mayina a zakudya ambiri anadzera njira yomweyi, kungoti gwero lake linali pamudzi. Munthu wolima nandolo wambiri, wogulitsa matemba pamsika, kapena wokonda chakudya china mopitirira, anzake ankamupatsa dzina loseleula, iye n'kulivomera. Likanafera pa iye yekha. Koma sukulu ndi boma zitayamba kufunsa mwana aliyense dzina la bambo ake, mwanayo ankatchula lomwe mudzi wonse umawadziwa nalo bambowo. Mphunzitsi n'kulemba. Basi, nthabwala ya pabwalo la bawo yasanduka dzina la banja. Taganizirani kuti izi zinkachitika pakati pa anthu otsata kuchikazi, omwe mwana ndi wa kwa amalume ake, ndipo dzina la bambo silinali cholowa n'komwe.

Mamishoni nawo anaika dzanja lawo. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Wobatizidwa ankatenga dzina la m'Baibulo, la woyera mtima kapena la mzungu wa pamishoni. Kamuzu anatenga Hastings kuchokera kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Ena anachita kubwerera m'mbuyo dziko litayandikira ufulu: Bingu wa Mutharika anabadwa mu 1934 ku Thyolo ali Brightson Webster Ryson Thom, mayina anayi achizungu, ndipo la Chiafirika anadzipatsa atakula.

Lero nkhaniyi yasanduka mkangano m'mabanja ndi m'mipingo. Alaliki ambiri, makamaka a mipingo ya Chipentekoste yomwe yafala kuyambira zaka za m'ma 1990, amaphunzitsa kuti dzina limatsata mwini wake, ndipo a Mavuto ambiri atuluka m'mapemphero ali a Madalitso. Sindingamuweruze munthu amene watopa kuitanidwa ndi tsoka tsiku ndi tsiku, makamaka poti mwambo womwe ukanamuvula dzinalo pa chinamwali unafooka. Chomwe ndimakana ndi kunena kuti agogo amene anamutcha anamutemberera. Agogowo ankamenyera moyo wake ndi chida chokhacho chomwe anali nacho. Ndipo ngati mayina olira akuchepa, si maulaliki okha achititsa. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti imfa za ana osakwana zaka zisanu zatsika kufika pa 63 mwa 1,000. Mayi amene akuyembekeza kuti mwana wake akula amalimba mtima kumutcha Chimwemwe, Mphatso kapena Tadala.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake ndi dzina la banja. Lamulo la kalembera wa nzika linabwera mu 2010, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linayenda dziko lonse kulemba anthu ndi kuwapatsa ziphaso zaunzika. Agogo omwe kwa zaka makumi asanu ankangodziwika kuti NaBanda kapena amake a uje anayenera kusankha dzina limodzi loti lidindidwe pakhadi. Kwa ana obadwira kuchipatala, fomu yolembetsera kubadwa imafuna dzina mchombo usanagwe, ndipo azakhali omwe kale ankadikira tsiku lotuluka m'chikuta tsopano amatumiza dzinalo pa WhatsApp mayi akadali pabedi la kumatenite.